Pulagi ndi mboni chabe, wolakwa ali m'kati mwa injini

Ikamakwana 4 koloko m'bandakucha, pa doko la Kachulu pamakhala patadzuka kale. Amayi ndi abambo ogula nsomba amakhala atamanga madengu awo a matemba, milamba yowamba ndi makumba, maso onse ali pa galimoto ziwiri kapena zitatu zimene zagona pompo kudikira ulendo wa ku Zomba. Amene ali ndi nsomba zaziwisi ndiye mtima sukhala m'malo, chifukwa dzuwa la ku Chilwa likangotuluka, katundu wake amayamba kutsika mtengo ola lililonse.

Ndiye dalaivala atembenuze kiyi. Injini ilira ndithu, koma kulira kwake n'kosakoma. Galimoto yonse ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, kumbuyo ikutsokomola, ndipo kautsi kabuluu kakuyandama pamwamba pa madengu. Akaponda moto, galimoto ikukoka mokakamizika ngati ng'ombe yotopa pa ngolo.

Apa dalaivala wozolowera msewu sataya nthawi. Amatsegula boneti, kutulutsa sipanala yake yaitali, n'kuyamba kumasula mapulagi mpaka apeze yakuda bii, yonyowa ndi oyilo. Amaipukuta ndi kansanza, kuipala ndi sandipepa, ena mpaka kuiwamba pa mbaula ya mayi wogulitsa tiyi, kenaka n'kuibwezera. Injini imalira bwino, anthu amakwera, ulendo umayambika.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, sewero lomweli limabwerezedwa. Mwini galimoto amatulutsa ndalama kuti akagule mapulagi atsopano m'tauni, koma nawonso mwezi usanathe imodzi imakhala itada, pa dzenje lomwe lija. Akatero, mlandu umagwera wogulitsa zipangizo kuti masiku ano mapulagi ndi achinyengo okhaokha.

Nthawi zina zimakhaladi zoona. Koma kawirikawiri pulagi yomwe yaponyedwa m'tchireyo imakhala ilibe mlandu. Iyo imangoonetsa zomwe zikuchitika m'kati mwa injini, ndipo woitaya asanaiyang'anitsitse amakhala wathamangitsa mboni yekhayo amene adaona zonse.

Nkhaniyi si yamasewera kwa anthu a m'dera la Likangala. Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, kudutsa mumzinda, n'kukathirira sikimu ya mpunga yomwe idakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, usanakathire m'nyanja ya Chilwa. Mpunga ndi nsomba ndiwo chuma cha kuno, ndipo zonsezi zimafuna mayendedwe kuti zikafike pamsika. Ngakhale m'zaka zomwe nyanjayi idaphwa, monga 1968, 1995 ndi 2018, galimoto sizidasiye kufunika, popeza anthu amadwalabe. Mayi woyembekezera akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba usiku ambulansi palibe, ndi galimoto za matola zomwezi zimene abale amathamangira kukagogoda. Kuchokera ku Kachulu kukafika mumzinda ndi makilomita pafupifupi 30, mtunda waufupi kwa galimoto yabwino koma wautali zedi kwa galimoto yomwe ikuyendera masilinda atatu.

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu imeneyi ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, zina zimadzera ku Durban kapena Beira n'kulowera ku Mwanza. Zotchuka pa ntchito ya matola ndi monga Toyota Probox, yomwe idayamba kupangidwa m'chaka cha 2002, ndi Sienta yomwe idatuluka mu 2003. Zambiri mwa izi zili ndi injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE, injini yopirira kwambiri moti ena amaiyesa yosafa.

Koma galimoto siichoka ku Japan n'kulunjika ku Likangala. Imayamba yatumikira bwana wina ku Blantyre kapena Lilongwe, kenaka n'kukhala takisi mumzinda wa Zomba, ndipo ikamatsikira kunyanja imakhala ili m'manja achitatu kapena achinayi. Nambala ya makilomita yomwe imaoneka pa dashibodi siyodalirika nthawi zonse, pakuti alipo akamberembere ena amene amaibweza m'mbuyo asanagulitse.

Vuto lonjenjemera lija amakaniko amalitcha misifaya, ndipo tanthauzo lake n'lakuti silinda imodzi, kapena zingapo, sikuyaka pa nthawi yake. Injini ya petulo ya galimoto zing'onozing'onozi imakhala ndi masilinda anayi. M'silinda iliyonse pisitoni imatsika kukoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imakwera kuufinya, pulagi imathetheka moto, ndipo kuphulika kwakeko ndiko kumakankha pisitoni kuti matayala azungulire. Koyilo ndiyo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kuposa 10,000, kuti moto udumphe kampata ka pafupifupi milimita imodzi kunsonga kwa pulagi. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, pulagi iliyonse imathetheka ka 25 pa sekondi imodzi.

Choncho kuti silinda iyake pamafunika zinthu zitatu: moto wamphamvu, petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, ndi mphamvu yofinya ija, yomwe amati kompuresheni. Chimodzi chikasowa, silindayo yagona. Zitatu zotsalazo zimasenza katundu wa galimoto yonse kuphatikizapo mnzawo wogonayo, n'chifukwa chake galimoto imalephera ngakhale kachitunda kakang'ono.

Ntchito yoyamba ya makaniko wodziwa si kugula kanthu ayi, koma kupeza silinda yomwe yagona. Pa galimoto zakale zokhala ndi mawaya okhuthala opita ku mapulagi, akuluakulu ankazula waya umodziumodzi injini ikulira, ndipo ambiri amakumbukirabe mmene magetsi ake amagwedezera mkono mpaka m'phewa. Pa galimoto ngati Probox ndi Sienta, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake pamwamba, ndiye chomwe amachita n'kuzula kasoketi kakang'ono ka koyiloyo kwa kanthawi kochepa. Silinda yamoyo ikazulidwa, injini imafooka nthawi yomweyo. Yomwe ikazulidwa sipasintha chilichonse, imeneyo ndiyo inagona kale.

Ikapezeka, pamatsatira njira ina yosalira ndalama, yosinthanitsa. Tinene kuti yagona ndi silinda yachiwiri. Makaniko amachotsa koyilo yake n'kuiika pa silinda yachitatu, ya pachitatu n'kubwera pachiwiri. Vuto likasamukira pachitatu, ndiye kuti koyilo ndiyo yafa. Likakhala pomwepo, amasinthanitsa mapulagi chimodzimodzi. Likakakamirabe pa silinda yachiwiri, ndiye kuti moto ulibe mlandu, ayang'ane injekita yomwe imapopera petulo, apo ayi kompuresheni.

M'magalaja ena a mumzinda muli kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero kuti kawerenge zomwe kompyuta ya galimoto yasunga. Nambala ya P0301 imatanthauza kuti ikudumpha ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304, pomwe P0300 imatanthauza kuti kudumphako kukuyendayenda m'masilinda osiyanasiyana. Makinawa amathandiza ndithu, ngakhale ena otsika mtengo amalephera kulankhula ndi galimoto zina zakale zomwe zidapangidwira msika wa ku Japan. Komabe iwo amangoloza khomo pomwe pali maliro, sanena chomwe chapha munthu. Amene amalipira kuti amuwerengere nambala kenaka n'kukagula mapulagi anayi, sanasiyane kwenikweni ndi dalaivala wa pa mbaula uja.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pulagi nayo imafuna kudekha komweko. Pulagi ya silinda yathanzi imakhala youma, nsonga yake yotuwa mofiirira ngati mankhusu a mpunga. Ikakhala yakuda koma youma, ndi mwaye wonga wa pansi pa mphika womwe umachoka ndi chala, ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, mwina chifukwa sefa ya mpweya yatsekeka, kapena moto ndi wofooka, kapena galimoto imakhalitsa ikulira pamalo amodzi podikira anthu kuti idzaze. Ikakhala yoyera mbuu ndi timatuza, silindayo ikutentha mopyola muyeso. Ikakhala yoyera ngati yochapidwa pomwe zinzake zili ndi mtundu, pamenepo mpofunika mantha, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti madzi a m'rediyeta akulowa m'silinda kudzera pa gasiketi ya hedi.

Yonyowa nayo ili pawiri. Ya petulo imanunkha petulo ndipo ikaikidwa padzuwa imauma msanga. Ya oyilo imakhala yakuda monyezimira, yoterera pa chala, ndipo siuma. Oyilo akamapsa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, amasiyanso zikhakha zotuwa ngati phulusa louma kunsonga kwa pulagi. Oyilo ndi mwayezi zimapatsa magetsi njira yachidule, m'malo modumpha kampata kaja amangotsetsereka m'mbali, moto osathetheka.

Tsono funso lomwe limasiyanitsa ndalama zochepa ndi ndalama zogulitsira mbuzi zonse m'khola ndi ili: oyiloyo ali mbali iti ya pulagi, kumwamba kapena kunsi?

Pa injini zamakonozi pulagi imakhala pansi pa dzenje lakuya lomwe limadutsa pa chivindikiro cha pamwamba pa injini, chomwe amakaniko amachitcha top cover. Pakamwa pa dzenje lililonse pali kamphira kotchinga oyilo. Timphirati tikauma ndi ukalamba komanso kutentha, oyilo amadontha n'kudzaza dzenjelo, kumiza pulagi ndi mphira wa koyilo. Magetsi amathawira m'oyilomo, silinda n'kugona. Apa injini imakhala ilibe vuto lililonse m'kati. Mankhwala ake ndi gasiketi yatsopano ya chivindikirocho pamodzi ndi timphira take, kupukuta maenje, basi, ntchito ya maola awiri osakwana.

Msampha uli poti munthu akamasula pulagi m'dzenje lodzaza oyilo, oyiloyo amatsikira m'mazinga mpaka kunsonga, pulagi n'kutuluka yonyowa paliponse ngati ya injini yotheratu. Wina wothamanga magazi amangoti injini yafuna ovaholo, ndipo mwini wake, posadziwa, amavomera. Pali injini zomwe zatsegulidwa mimba chifukwa cha kamphira kokwana m'chikhatho. N'chifukwa chake makaniko wosamala akachotsa koyilo amayamba waunika m'dzenjemo ndi tochi, pulagi isanamasulidwe. Akaona oyilo ali thithithi, amayamba wamuyamwa ndi kansanza.

Koma dzenje likakhala louma, pulagi n'kutuluka yonyowa kunsonga kokha, ndiye kuti oyilo akulowa m'chipinda chomwe petulo amayakira. Njira zake zodziwika ndi zitatu, ndipo utsi wa ku ekizozi umathandiza kuzisiyanitsa.

Yoyamba ndi timphira ta mavavu, tomwe amati ma valve seal. Galimoto ikagona usiku, oyilo wa pamwamba amatsetsereka pa timphira totha n'kudikha m'silinda. M'mawa poliza, imatulutsa mtambo wa utsi wabuluu kwa kanthawi, kenaka utsi n'kutha. Imachitanso chimodzimodzi ikaima nthawi yaitali ikulira, kapena ikatsika mtsetse wautali phazi lili kumbali, monga potsika phiri kuchokera ku Ku Chawe, dalaivala akangopondanso moto pansi pa phiri. Vutoli ndi lapakatikati. Amakaniko ena aluso amasintha timphirati osachotsa n'komwe hedi.

Yachiwiri ndiyo yoopedwa, maringi a pisitoni. Awa ndi timikombero tachitsulo tomwe timatseka mpata pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda, kusunga kompuresheni pamwamba ndi kukokolola oyilo kuti abwerere pansi. Akatha kapena akamatirira, utsi wabuluu umatuluka kwambiri pomwe galimoto yasenza katundu ndipo dalaivala waponda moto. Munthu akatsegula pothirira oyilo injini ikulira, pamatuluka mpweya wamphamvu wautsi ngati mphika wa nyemba ukuwira. Oyilo amatha msanga moti dalaivala amayenda ndi kabotolo pansi pa mpando.

Yachitatu ndi yomwe ambiri amaiwala, kavavu kakang'ono kotchedwa PCV kamene kamakhala pa chivindikiro chija. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya woipa wa m'mimba mwa injini kuti ukapsere m'masilinda. Kakamatirira, kamatha kukoka oyilo n'kumamwetsa injini, kapena kutsekereza mpweya mpaka oyilo ayambe kutulukira m'magasiketi. Kabwino kakagwedezedwa pafupi ndi khutu kamalira ngati kanjere m'chitini. Mtengo wake sufika ngakhale pa mapulagi abwino anayi, koma kaphetsa injini zambiri zosalakwa. Kuthira oyilo wopyola mzere wa pamwamba pa kandodo koyezera nako kumabweretsa zizindikiro zofanana, ndipo alipo madalaivala amene amathira moonjeza dala poganiza kuti akuikomera mtima injini.

Pofuna kutsimikiza asanatsegule injini, pali kuyeza kompuresheni, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu woumirira kuti izi zichitike iye akuona. Injini ikhale yofunda, mapulagi onse achotsedwe, petulo ndi moto zitsekedwe, geji imangidwe pa dzenje la pulagi, wina aponde moto mpaka pansi n'kupukusa injini ndi kiyi. Manambala a masilinda anayiwo alembedwe papepala. Pa injini yathanzi sasiyana kwambiri, ndipo amakaniko ambiri amayamba kukayika silinda imodzi ikatsika kuposa magawo 10 kapena 15 pa 100 poyerekeza ndi zinzake. M'silinda yotsikayo amathiramo oyilo wokwana kasupuni ka tiyi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri, ndiye kuti oyilo uja watseka mpata wa maringi otha. Ikakhala pomwepo, mpweya ukuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi ya hedi. Masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, kawirikawiri ndiye kuti gasiketi yaboola pakati pawo.

Pali chenjezo limodzi apa. Ringi yapansi, yokokolola oyilo, imatha kumatirira ndi litsiro pomwe ziwiri zapamwamba zikugwirabe bwino, choncho injini ikhoza kuonetsa kompuresheni yabwino koma ikumwa oyilo. Injini zina za Toyota zidatchuka ndi khalidweli, monga 1ZZ-FE ya zaka zoyambirira ndi 2AZ-FE ya malita 2.4 yopezeka mu RAV4 ndi Camry, moti pa yachiwiriyi kampaniyo idafika poonjezera nthawi ya chitsimikizo kwa ogula m'maiko ena. Wogula wa ku Zomba, amene galimoto imamupeza itakalamba kale, chitsimikizo chimenecho sichimufika.

Nanga n'chifukwa chiyani injini zomwe kwawo zimayenda zaka zambiri osatsegulidwa zimafooka msanga zikafika kunyanja? Yankho lalikulu liri m'fumbi. Kuyambira mwezi wa August mpaka mvula itagwa, misewu yadothi ya m'chigwa cha Chilwa imakhala ufa wokhawokha, ndipo galimoto yotsatira inzake imapuma fumbi lokhalokha. Chotchinga chake ndi sefa ya mpweya, kapepala kopindapinda kamene ambiri amakaona ngati kosafunika. Ikatsekeka, ena amaimenyetsa pa tayala mpaka kung'ambika, ena amaiboola ndi waya kuti galimoto ipume, enanso amangoichotseratu. Paipi yochokera ku sefayo ikang'aluka, imamangidwa ndi malegeni. Fumbi lolowa pamenepo likasakanizika ndi oyilo limasanduka sandipepa, ndipo limadya maringi ndi makoma a masilinda tsiku ndi tsiku mwakachetechete. Kunena mosapsatira, sefa yatsopano ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse chomwe fumbi limawononga.

Pamwamba pa fumbi pali katundu. Galimoto yopangidwira anthu asanu kapena asanu ndi awiri imanyamula oposa pamenepo, matumba a mpunga ali kumbuyo, madengu ali padenga. Injini imatentha, timphira timauma msanga. Oyilo amene amayenera kusinthidwa pafupipafupi m'dera la fumbi amangoonjezeredwa, nthawi zina ndi wa m'mabotolo opanda dzina wogulidwa m'mbali mwa msewu.

Dzinja nalo lili ndi zake. Madzi akalowa m'maenje a mapulagi, powoloka zithaphwi kapena potsuka injini ndi ndowa kumtsinje, galimoto imadumpha chimodzimodzi ngati ya oyilo. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu March 2023, madzi adasefukira m'misewu yambiri, ndipo galimoto yomwe idamirapo imatha kuvutitsa ndi masoketi a dzimbiri patapita miyezi. Vuto la madzi limadziwika poti limayamba mwadzidzidzi tsiku lonyowa, ndipo maenje akaumitsidwa limatha.

Palinso petulo wa m'zigubu. Kumidzi kutali ndi malo omwetsera mafuta, komanso pa nthawi za kusowa kwa mafuta monga mu 2011 ndi 2012 ndi kuyambiranso mu 2022, madalaivala ambiri adadalira ogulitsa m'mbali mwa msewu, malonda omwe bungwe la MERA lakhala likuchenjeza kuti ndi osaloledwa. Petulo wina amakhala wothiridwa palafini, wina wolowa madzi. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga, ndipo ethanol amakoka chinyezi akakhala m'chigubu chosatseka bwino. Kudumpha kobwera ndi mafuta oipa kuli ndi chizindikiro chake: kumayamba galimoto itangomwa kumene, ndipo sikusankha silinda imodzi.

Za mapulagi achinyengo zija nazo si nkhambakamwa. Makampani a NGK ndi Denso akhala akuchenjeza ogula pa dziko lonse za mapulagi onamizira maina awo. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zidakwera mtengo, ndipo chilakolako chogula zotchipa chidakula. Pulagi yeniyeni ya iridium imatha kuyenda makilomita pafupifupi 100,000 pa injini yathanzi, pomwe wamba imafuna kusinthidwa ikayenda 20,000 kapena 30,000. Yomwe ikugulitsidwa ngati iridium pa mtengo wa pulagi wamba iyenera kukayikiridwa. Komabe pulagi yachinyengo imafa ndi kusungunuka kapena kusweka nsonga, siidzipaka yokha oyilo. Ndipo ngati nthawi zonse imada ndi ya pa dzenje limodzimodzi, wogulitsa sangakhale kuti amasankha dzenje.

Amakaniko a pansi pa mtengo ali ndi njira zawo zogulira nthawi. Ena amaika pulagi yotentha kwambiri pa silinda yodwalayo kuti iziwotcha oyilo, ndipo pa NGK ndi Denso nambala yotsika ndiyo imatanthauza yotentha. Ena amathira oyilo wokhuthala wa 20W-50 kuti asamadutse msanga m'mipata. Munthu sangawadzudzule kotheratu, pakuti mwini galimoto amene akudikira kukolola mpunga kuti apeze ya ovaholo ayenera kudya lero. Chofunika n'chakuti adziwe kuti wangomanga bala, sanachize. Pulagi yotentha mopyola imatha kuboola pisitoni pa ulendo wa katundu wolemera, ndipo injini ngati 1NZ-FE idapangidwira oyilo wopepuka amene amadutsa msanga m'tinjira take ting'onoting'ono m'mawa kukuzizira.

Choopsa kwambiri ndi kungoyendabe galimoto ikudumpha. Nyali ya injini pa dashibodi ikamaphethira, osati kungoyaka chabe, kompyuta imakhala ikuchenjeza kuti petulo wosapsa akukapsera mu catalytic converter, kabokosi kosefa utsi ka pa ekizozi. Kameneka kakatentha kamasungunuka m'kati n'kutseka njira ya utsi, galimoto n'kutheratu mphamvu. Petulo yemweyo amatsukanso oyilo pa khoma la silinda yogonayo n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Apa vuto lomwe lidayamba ndi koyilo imodzi limathera pa maringi. Ndipo injini yomwa oyilo ikaiwalidwa tsiku limodzi lokha osayezedwa, imanoka pakati pa msewu, nsomba zili padenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti alipo madalaivala amene nyali ija ikawasowetsa mtendere amangoimata kapepala.

Kunyanja komweko kuli injini zina zomwe siziyenera kusokonezedwa ndi za galimoto. Injini zambiri za maboti, monga opita ku chilumba cha Chisi, ndi za mtundu womwe oyilo amasakanizidwa dala ndi petulo, choncho pulagi yake kuda si chachilendo, makamaka oyilo akachuluka m'msakanizo kapena boti likamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali. Woyendetsa boti wanzeru sachoka pa doko opanda pulagi yapadera m'thumba. Njinga zamoto za kabaza zili ndi silinda imodzi yokha, ndiye pulagi ikafa palibe zonjenjemera, imangozima. Malole ndi maminibasi a dizilo alibiretu mapulagi a moto, kudumpha kwawo kumafunidwa kwina.

Miyezi yogulitsa mpunga ndiyo nthawi yomwe ena m'derali amakwaniritsa loto logula galimoto, ndipo ndi nthawi yomwenso ogulitsa galimoto zotopa amasekerera. Wogula wochenjera amapempha kuiona m'mawa isanalizidwe, n'kuyamba wagwira injini ndi dzanja. Akaipeza yofunda kale, adzifunse chifukwa chake, popeza utsi wa timphira ta mavavu umabisika injini ikatentha. Aime kumbuyo wina akuliza, apisenso chala mu ekizozi isanatenthe kuti aone ngati muli mwaye wouma kapena wamafuta. Mapulagi onyezimira atsopano pa injini yakale yosatsukidwa si chizindikiro cha chisamaliro nthawi zonse, mwina aikidwa dzulo lake kuti abise mboni zakale. Kuyenda nayo makilomita angapo pa chitunda, kenaka n'kumasula mapulagi pamaso pa mwini wake, ndi pempho lomwe wogulitsa wachilungamo sangakane.

Kwa amene galimoto yawafookera kale ku Likangala, kutali ndi galaja yokhala ndi geji, pali kachizolowezi kena kothandiza. Mapulagi akamachotsedwa asasakanizidwe kapena kupukutidwa. Abayidwe pa kachidutswa ka katoni motsatana, palembedwe 1, 2, 3, 4 kuyambira mbali ya lamba wa injini, ndipo kumbuyo kwa katoniko kulembedwe dzenje lomwe munali oyilo, nthawi yomwe utsi umatuluka ndi kuchuluka kwa oyilo amene galimoto ikumwa pa sabata. Kakatoni kameneka kamakwana m'jumbo, ndipo kakhoza kukwera njinga yamoto kupita kwa makaniko ku Zomba pa mtengo wa munthu mmodzi, galimoto ili chiimire pansi pa mtengo wa mango kudikira yankho.